Phunziro lachinayi limene ndinalumpha

Ababa anayamba kugwira mfuti ya esiteti ine ndisanabadwe. Ntchito yawo inali yolimbana ndi nguluwe ndi anyani amene ankatsika m'nkhalango ya kumtunda kudzawononga makadamiya ndi timinda ta anthu a m'makomboni. Mfutiyo inali ya mipope iwiri, yothyola pakati. Ukaithyola umaona ndi maso ako ngati muli zipolopolo kapena mulibe. Ife ndife a Sabata, nkhumba sitidya, ndiye akapha nguluwe ankaitana anthu a mipingo ina kuti adzanyamule, iwo n'kukasamba m'manja ndi sopo. Anzawo ankawaseka kuti mlenje wanji wogonera nyemba. Zaka zonsezo sanavulazepo munthu, ngakhale galu wa eni.

Kenako kunabwera mabwana atsopano, ndipo kalata inatuluka yoti aliyense wogwira mfuti ya esiteti akhale ndi setifiketi ya chitetezo. Wopanda setifiketi abweze mfuti. Kalatayo ndinaitayipa ndine, chifukwa ndinkagwira ntchito mu ofesi ya esiteti yomweyo. Maphunziro ake anali pawiri: oyamba a pa intaneti, mitu isanu ndi umodzi, mavidiyo ndi mafunso, zonse m'Chingerezi, achiwiri a pamaso, mlangizi atabwera kuchokera m'tauni. Ababa Chingerezi chawo chinkathera pa moni, choncho anandilola kukhala wowamasulira. Ndinasaina pepala lonena kuti ine ndizingomasulira, mayankho azipereka okha, ndipo wopezeka akuyankhira mnzake ntchito yake yathera pomwepo.

Netiweki kwathu inkagwira pamalo amodzi okha, pa chulu cha kumapeto kwa munda wa tiyi, pafupi ndi mabulugamu. Tinkakhala pamenepo ndikaweruka, ine foni m'manja, iwo atasendera pafupi, maso ali tong'o. Mitu itatu yoyamba tinaiphunzira bwinobwino, kungoti ababa ankakangana ndi vidiyo. Munali mzungu wovala jekete yowala ngati lalanje, akuyenda m'thengo. "Ameneyu," anatero, "nguluwe ingamuone ili ku Thekerani." Funso lililonse ankayamba alifotokozera nkhani yake, ya chaka chakutichakuti, ya kapitawo wakutiwakuti amene anamwalira kalekale. Mutu umodzi unkatitengera madzulo awiri.

Ndinene zoona, ndinatopa nazo. Ndinali ndi ana awiri ondidikira kunyumba, bambo awo atandisiya, ndipo mtima wanga ndi wapachala chibadwire. Ndinayamba kuzengereza: lero kuli chiperoni, mawa mutu ukundipweteka, mkuja foni ilibe moto. Ababa sankandikakamiza. Ankangofika pakhomo, chipewa m'manja, n'kufunsa, "Lero sukulu iliko, mayi?" Ine n'kuti mawa.

Mawa mawa uja anatifikitsa Lachisanu lomaliza, tsiku lotsekera maphunziro a pa intaneti, mitu itatu isanakhudzidwe. Ndinaweruka mochedwa. Pofika pa chulu dzuwa linali litapendeka kale, ndipo kwa ife dzuwa la Lachisanu likalowa ndiye kuti Sabata lalowa, palibenso kugwira ntchito, kaya ya khasu kaya ya foni. Ababa anayang'ana kumadzulo n'kunena kuti, "Sabata layandikira. Zikakanika zisiye, tikawauza kuti sitinamalize."

"Zatsala zazing'ono," ndinatero. "N'zimene mukuzidziwa kale."

Mavidiyo ndinangowathamangitsa ndi chala. Mafunso ndinawerenga chamumtima n'kumayankha ndekha, iwo ali phee pambali panga, akuyang'ana dzuwa. M'phunziro lachinayi munali lamulo lakuti usalandire mfuti kwa munthu aliyense isanathyoledwe. Ngati akukupatsa yotseka, kana, umuuze ayambe waitsegula uone m'kati. Ndinaliwerenga, ndinayankha molondola, koma pakamwa panga silinatuluke. Foni inalemba kuti takhoza zonse dzuwa likungotsala kachidutswa. Tinatsika pa chulu tikuyimba nyimbo yolandirira Sabata, ine mtima uli mbee ngati ndachita chanzeru.

Mayeso a pamaso anachitika Lachiwiri m'mawa pa bwalo la mpira la esiteti. Panali alonda angapo odzayesedwa limodzi ndi ababa, mlangizi uja, a manijala ataima chapatali, ndi ine womasulira. Mlangiziyo anali munthu wa msinkhu wanga, wodekha, wolankhula Chichewa chomveka, moti kumasulira kwanga sikunafunike n'komwe. Ababa anavala malaya awo a kutchalitchi. Kunyamula mfuti poyenda pagulu, anakhoza. Kudumpha mpanda uli ndi mfuti, anachita kuwaonetsa anzawo. Kuwombera chandamale, mlangizi anapita kukayang'ana thabwa la chandamalecho n'kubwera akupukusa mutu, akumwetulira. Ine ndinayamba kale kuganiza za felemu yoikamo setifiketi.

Pomaliza mlangizi anatola mfuti ina patebulo, yotseka, n'kuwatambasulira. "Gwirani iyi, madala."

Ababa anavula chipewa n'kuchipana m'khwapa, anapinda mawondo pang'ono, n'kulandira ndi manja awiri. Ndi mmene analeredwera, ndi mmene anatilerera ifenso. Munthu waudindo akakupatsa chinthu, pamaso pa bwana wako, sumufunsa kuti muli chiyani, ndipo sumutuma kuti ayambe watsegula. Umalandira. Atangolandira anailozetsa pansi n'kuithyola okha, koma zinali zitatha kale.

"Pepani madala," anatero mlangizi. "Apa ndiye mwalephera. Ili ndi lamulo limene sitikhululuka." Anafotokoza zonse mwaulemu, kenako anayang'ana pa pepala lake. "Komatu zili m'phunziro lachinayi. Pano pakuonetsa kuti munakhoza mafunso onse."

A manijala anasendera pafupi. Sanayang'ane ababa, anayang'ana ine. Ndikanatha kulankhula. Mawu oyenera kunena anali ochepa, ndipo ndinali nawo.

"Anandiwerengera mwanayu, bwana," anatero ababa. "Ndaiwala ndine. Ukalamba."

Ndinakhala chete. Mpaka lero ndikafuna kudzida ndimakumbuka kuti ndinagwedezanso mutu movomereza.

Masiku otsatira ndinkatukwana mlangizi uja kwa aliyense wondimvera. Ndinkati anawatchera msampha, munthu wopanda mwambo, wobwera kudzachititsa manyazi akuluakulu. Bodza lokhalokha. Munthuyo anagwira ntchito yake, ndipo lamulolo ndi labwino, lapulumutsa anthu. Ndinkangofuna pokolowekapo mlandu wanga.

Mabwana analola kuti olephera adzayesenso mlangizi akadzabweranso chaka chinacho. Koma mawu oti ukalamba anali atanenedwa pamaso pa a manijala, ndipo bwana sangasiye mfuti m'manja mwa munthu amene wavomera yekha kuti akuiwala. Tsiku lomwelo la mayeso masana ababa anakabweza mfuti ku ofesi. Ndinawaona pawindo akuipukuta ndi mpango wawo asanalowe. Inapatsidwa kwa bambo wina wa ku Chimaliro amene anakhoza, munthu wabwino ndithu, amene kwa miyezi ingapo ankabwera kudzawafunsa njira za nguluwe. Ababa anawaika pa geti, kutsegulira mathirakitala a tiyi. Dzina lawo silinalembedwenso pa mndandanda wa odzayesa, ndipo sanafunse.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti anthu anakhulupirira. Akasowetsa kiyi pang'ono, alonda anzawo ankati, "Madala ayambanso kuiwala." Amayi nawonso anayamba kuwabwerezera zinthu kawiri. Munthu amene ankadziwa mtengo uliwonse wa m'nkhalango ija anasanduka woti ana aziwakumbutsa tsiku. Iwo sankatsutsa. Anakhala pa getipo nyengo ziwiri zothyola tiyi, kenako anapuma n'kubwerera kumudzi kwa Mphuka. Nkhani zawo zakale zija anasiya kukamba, ndipo ine amene ndinkatopa nazo ndinayamba kuzipempha, koma ankangoti, "Zinapita zimenezo."

Ndinaulula patapita zaka zinayi. Anali atadwala, miyendo itatupa, ndipo ndinapita kumudzi kukawaona. Anali masana, tili pakhonde, ndikuwawenga zikhadabo chifukwa manja awo anali atayamba kunjenjemera. Amayi anali kudimba. Ndinalankhula maso ali pa chala chawo.

"Ababa, phunziro lija sindinakuwerengereni. Simunaiwale. Ndinalilumpha ndine, ndinkathamangira dzuwa."

Sanachotse dzanja.

"Ndinkadziwa, mayi," anatero. "Ine za mfuti sindinaiwalepo n'chimodzi chomwe. Ukanandiuza, bwenzi nditamubwezera mfuti yake mnyamata wa mayeso uja, ngakhale pamaso pa bwana."

Ndinayamba kulira, kulira konyansa kwa munthu wamkulu. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sananene, bwanji analola kuti esiteti yonse iwayese ozerezeka, bwanji sanandikalipire ngakhale kuseri, tili awiri. Ndinkafuna andikalipire. Zikanandipepukira.

"Panali ntchito ziwiri pa bwalo paja," anatero. "Imodzi inkayenera kutsala. Yanga ndinali nditaidyerera." Kenako anandipatsa dzanja linalo. "Malizitsa, izi zikundikola m'bulangete."

Ndinamaliza zala zonse khumi. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe chaka chomwecho. Pamaliro mkulu wa mpingo, pofotokoza mbiri yawo, ananena kuti anasiya ulenje chifukwa cha ukalamba, ndipo anthu anavomera ndi mitu. Ine ndinali pamphasa pakati pa azimayi, ndipo apanso sindinatsegule pakamwa. Lolemba lotsatira ndinabwerera ku ofesi, ndipo ntchito ija ndikuigwirabe.