Kochi wa Abambo ndi Dzungu la Alamu

Ndikukumbukira nyumba yathu ya ku Hamilton, kumunsi kwa phiri, pafupi ndi mafakitale a zitsulo. Mphepo ikachokera kunyanja inkabwera ndi fungo ngati la mazira ovunda, ndipo zovala zoyera za amayi zinkachoka pachingwe zili ndi timadontho takuda. Zinali zaka za m'ma 1970. Ine ndinali ndi zaka mwina khumi, sinditsimikiza, zowerengera zinandikana kalekale. Abambo ankagwira ntchito pachipatala, yokankha odwala pa timabedi ta mateyala. Anabwera kuno kudzera kwa amishoni a kwathu ku Ntcheu, kenako anatiitanitsa ifeyo: amayi, achemwali anga Enifa, ndi ine.

Chimene chinawagwira mtima abambo m'dziko lino ndi mpira wa ku America uja, wa zipewa zolimba, mpira wake wooneka ngati papaya. Anagula TV yakale kwa mnzawo wa kuntchito, eriyo yake n'kumakoka siteshoni ya kutsidya kwa malire. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankavula tayi, n'kukhala pampando wawo wobooka dzanja limodzi, kusapota timu ya mzinda wa kutsidyako. Chithunzi chinkachita mchenga, nthawi zina osadziwa ngati ndi sinowo, chipale chofewa chija, ikugwa kubwaloko kapena ndi TV yathu.

Koma chodabwitsa n'chakuti abambo sankasamala kwenikweni za osewera. Maso awo ankakhala pa kochi. Ankati anyamata akuluakuluwo ali ngati ng'ombe za pangolo, ngolo ikagwera m'dzenje umafunsa wogwira chikwapu. Ndiye kamera ikangoloza m'mbali mwa bwalo ankatiletsa kulankhula. Ankafuna kuona mmene kochi waimira timu ikamagonja, ndi chimene achite ndi mnyamata amene wagwetsa mpira: amutembenukira msana kapena amugwira paphewa?

Chaka chimenecho, mu Januwale, timu ija inamufaya kochi wakale n'kulemba wina amene palibe ankamudziwa. Ankaphunzitsa mpira pa kakoleji kena kakumidzi. Anzawo a abambo kuchipatala anakwiya, amvekere eni timu aumira, akanalemba munthu wa dzina amene anatengapo kale chikho. Abambo okha ndiwo anasangalala. Anati munthu wa dzina amabwera ndi mimba yokhuta, safunsa kanthu kwa anthu amene wawapeza, koma uyu ali ndi njala. Kochiyo anali ndi makutu aakulu, ndipo chipewa sankavala ngakhale kuzizire bwanji, choncho kwathu tinamutcha a Makutu. Dzina lake lenileni ndinaiwala.

Mwezi womwewo achemwali anakwatiwa ndi alamu Waisoni. Iwowa anabwera kudzaphunzira payunivesite, koma thandizo la fizi limene linkachokera kumudzi linaleka kubwera, sukulu n'kuthera panjira. Pokhala analibe, ndiye anadzakhala m'besimenti mwathu, chipinda cha pansi pa nyumba, pafupi ndi ng'anjo yotenthetsa nyumba. Poyamba amayi ananyadira. Ankauza azimayi a kutchalitchi kuti ife mwambo sitinataye, mkamwini ali pakhomo monga kwathu.

Inu amene mukudziwa mwambo wathu mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, ndipo sadyera pamodzi. Kumudzi n'zosavuta, malo ndi aakulu, wina amangopatuka kulowa m'chimanga. Nanga m'nyumba ya masitepe amodzi ndi bafa imodzi? Alamu akafuna kukwera ankayamba atsokomola pansi pa masitepe, amayi n'kuthawira kukhitchini. Amayi akakhala ndi mawu kwa mkamwini wawo ankayang'ana firiji n'kumaiuza, mokweza ndithu, alamu ali kuseri kwa chitseko kuyankha kuti, "Ndamva, amayi." Firiji imene ija inamva zambiri.

Mkamwini amapatsidwa munda. Wathu unali kadimba ka kuseri kwa nyumba, kotalika ngati basi imodzi. Amayi anali ndi mbewu za maungu zimene anachoka nazo ku Ntcheu atazimanga m'kansalu. Chaka ndi chaka ankabzala pang'ono n'kusunga zina, chifukwa nkhwani za maungu a kuno ankati ndi zaubweya, zimakanda pakhosi. Kumayambiriro kwa Epulo anapita ku Toronto kukasamalira mayi wina wa kwathu amene anachira kumene, ndipo kansaluko anakasiya m'manja mwa achemwali, kuti nthawi ikakwana mkamwini abzale.

Ali komweko, sinowo inasungunuka, kunatentha ngati Okutobala wa kwathu, kenako kunagwa mvula yamphamvu, dothi n'kununkhira. Alamu anakulira kumunda. Thupi lawo lonse linawauza kuti mvula yoyamba ndi imeneyi, wochedwa kubzala adya nkhuni. Anapanga mizere yokongola, yowongoka ngati ajambula ndi rula, n'kubzala mbewu zonse, osasiyako ndi imodzi yomwe. Nkhalamba ya ku Italy imene tinayandikana nayo inaima pampanda n'kumapukusa mutu, kulankhula zambirimbiri ndi manja, koma alamu ankangomwetulira n'kumati zikomo.

Zinamera bwino, masamba awiriawiri onenepa. Ndiye m'mawa wina tinadzuka udzu wonse uli mbuu, chisanu. Pofika masana timaungu tonse tinali titada n'kugona pansi ngati tathiridwa madzi otentha. Amayi atabwera anaima pakhomo la kuseri nthawi yaitali, chikwama chili m'manja. Kenako analowa, n'kuyang'ana firiji.

"Kodi kuyunivesite kuja ankaphunzitsako chiyani?"

Alamu, amene anali kuseri kwa chitseko, anatsikira m'besimenti.

Kamtengo kamodzi kokha kanapulumuka, kamene kanamera pafupi ndi khoma pomwe pankatulukira mpweya wofunda wa m'besimenti. Kanali konyentchera, ndipo amayi sankafuna n'kukayang'ana komwe.

Mpira unayamba mu Seputembala, ndipo a Makutu anayamba kugonja. Lamulungu loyamba anagonja, lachiwiri anagonja, mpaka tinazolowera. Anali atachotsa akuluakulu otchuka n'kuika tianyamata tongochoka kusukulu, timene tinkagundana tokhatokha. Anthu ankaimba foni kuwailesi kutukwana. Kubwaloko ena ananyamula chinsalu cholembedwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Alamu nawo zinthu sizinkayenda. Ntchito yeniyeni sankaipeza chifukwa cha mapepala, ankangogwira maganyu otchetcha kapinga ndi kupenta mipanda.

Amayi mpirawo sankaumva, koma anayamba kudzaima pakhomo la pabalaza, mpeni ndi anyezi zili m'manja.

"Bambo a Enifa, munthu wanu wa makutuyo wadyedwanso?"

"Akumanga timu, mayi a Enifa. Chaka choyamba kochi amakolola za mnzake. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono sidya buledi wanga. Nkhono siyatsa magetsi m'besimenti usiku wonse."

Apa ngakhale ine mwana ndinadziwa kuti nkhani yachoka pa mpira. Amayi sanabisenso. Anati Khirisimasi ikadutsa alamu akapeze chipinda kwa anzawo ku Toronto, Enifa atsale pakhomo mpaka mwamunayo atakhala munthu. Kwathu mkamwini akauzidwa kuti anyamule mphasa yake, aliyense amadziwa kuti ukwati watha. Achemwali ankalira m'bafa atatsegula mpopi kuti tisamve. Kunalibe malume, kunalibe ankhoswe oti n'kukhalira pansi nkhaniyo. Amalume athu anali kutali, kalata kupita ndi kubwera miyezi. Nyumba ya chikamwini mwini wake ndi mkazi, ndiye abambo mphamvu zawo zinali zochepa. Chimene anatha kunena n'chakuti tidikire mpira uthe. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti eni timu amupatsa kochi chaka china, amayi n'kuonerapo.

Nthawi yonseyi kamtengo kaja kanali katayanga, n'kubereka dzungu limodzi, mochedwa kwambiri. Chisanu chitayambiranso mu Okutobala, dzungulo linali lisanakhwime. Tsopano alamu anali ataphunzira kumvera nkhalamba ya ku Italy ija. Madzulo aliwonse inkayang'ana kumwamba, ikaona kuti kwayera inkagogoda pampanda, alamu n'kutuluka ndi jekete lawo la ukwati, lokhalo limene anali nalo lochindikala, kukafunditsa dzungu. M'mawa ankapita kuganyu atavala juzi yokha, akunjenjemera. Amayi ankaona zonsezi pawindo la kukhitchini. Anauza firiji kuti munda wonse wasanduka dzungu limodzi, koma lavala bwino kuposa mwini wake.

Gemu yomaliza inali mu Disembala. A Makutu anagonjanso, koma ndi zigoli zochepa, ndipo tianyamata tija tinaoneka kuti tayamba kumvana. Abambo anawomba m'manja. Mawa lake madzulo, tikumvera wailesi, tinamva kuti eni timu amuchotsa ntchito, akufuna kulemba munthu wa dzina. Abambo anazimitsa wailesi n'kuika manja pamaondo. Sindinawaonepo atakalamba choncho.

"Mwamva nokha," anatero amayi. "Ngakhale azungu anuwo sadikira nkhono."

Kenako tinamva kutsokomola pansi pa masitepe. Amayi anapita kukhitchini monga mwa nthawi zonse. Alamu anakwera atanyamula nyuzipepala yopinda, ndipo anagwada pakhomo la khitchini atayang'ana kumbali. Anaika nyuzipepalayo pansi n'kuikankha pang'onopang'ono kuti ilowe mkati. Munali mbewu za dzungu lija, zoyera, zonenepa, zouma bwino. Anali ataziyanika pamwamba pa ng'anjo kwa milungu.

"Amayi, ndamva kuti ndichoka. Ndinakuwonongerani mbewu yanu, ndiye ndati ndibweze ndisanapite. Mudzabzale ikadutsa holide ya kumapeto kwa Meyi, osati mvula yoyamba. Mudzasiyeko zina m'kansalu."

Amayi anawerama n'kutola mbewu imodzi. Anaiika pa dzino, kuiluma pang'ono, monga amayesera kwathu ngati mbewu ili ndi mtima. Firiji inkangolira mmene inkalirira. Ndiye anaiyang'ana n'kunena kuti:

"Kodi munthu ameneyu akufuna azibzale ndani? Ine ndi msana wangawu? Wadziwa nthawi yobzala ndi iyeyo, ndiye akuti athawe?"

"Ndamva, amayi."

"Ndipo jeketelo lichapidwe. Likununkha dothi."

Abambo anayatsanso wailesi ngati sanamve kanthu, koma ndinaona akupukuta magalasi awo nthawi yaitali.

Kochi wa dzina anabwera, ndipo timu inayamba kupambana ndi tianyamata tomwe tija. Anthu anamunyamula paphewa. Abambo sanamukhululukire mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Akamuona pa TV ankati, "Taonani, akudya dzungu la mwini wake."

Masiku ano ine ndimayendetsa galimoto yoperekera katundu, ndipo mpira uja ndimaumverabe pawailesi. Zinthu zinasintha. Kochi akangogonja kangapo, mafoni a anthu amakhala atamufaya kale eni timu asanadzuke. Ana a achemwali, amene Chichewa chawo chimathera pa "zikomo agogo", amanditumizira mayina a anthu amene akuti alembedwe, onse a dzina, onse okhuta. Ine sukulu sindinapite patali, mwina pali zimene sindikuziona. Koma ndimaganiza kuti asanachotse munthu, wina azitsikira kaye m'besimenti kukaona chimene wayanika.

Alamu anapeza ntchito yokonza makina, ndipo iwo ndi achemwali ali ku Markham tsopano, tsitsi lili mbuu. Kuseri kwa nyumba yawo kuli maungu a mbewu yomwe ija ya ku Ntcheu. Chaka chilichonse mvula ya Epulo ikagwa, dothi n'kununkhira, amatuluka panja n'kuima pakati pa dimba, manja atawapisa m'thumba mwamphamvu. Amati mpaka lero manjawo amayabwa. Achemwali amagogoda pawindo n'kukuwa kuti, "Bambo a Chikondi, lowani m'nyumba, nthawi sinakwane!" Iwo n'kulowa.