Makomo Opapatiza a Nathovu

Abale anga, inu amene mwakhetsa thukuta zaka zambiri kenako n'kupeza kuti munalakwitsa poyambira penipeni, senderani pafupi. Nkhani iyi ndi yanu.

Tsiku limenelo bedi linakana kulowa. Amuna anayi analiimika, analipendeketsa, analitembenuza miyendo m'mwamba, koma khomo linati toto. Aphunzitsi amene anabwera kudzalowa m'chipindacho anapukuta thukuta, nauza woyendetsa galimoto kuti akwezenso katundu.

"Mayi, chipinda chanu n'chokongola," anatero, "koma sindingagone panja kulondera bedi."

Anali munthu wachitatu kubwerera. Woyamba inamukanira kabati, wachiwiri sofa. Mwini nyumbayo anangokhala pansi, dzanja patsaya, kuyang'ana zipinda zake zinayi za lendi, zonunkhira penti, zopanda munthu.

Anthu ankamutchula Nathovu, chifukwa manja ake sankachoka m'thovu la sopo. Anali wamasiye, wokulira m'makomo a eni, kuchapa zovala ndi kugona m'makhitchini. Pochapa ankaimba za kutchalitchi chapansipansi, ndipo m'thovumo ankaonamo timawindo tambirimbiri tikuwala. Akayanika nsalu zapabedi, mphepo n'kumazikupiza, ankayenda pakati pake pang'onopang'ono ngati ali m'nyumba yakeyake: "Pano pabalaza. Apa pogona."

Zaka khumi ndi zinayi anasunga pang'onopang'ono. Anagula kamalo, kenako njerwa, kenako malata. Atamva kuti kwina akugwetsa nyumba yakale ya maofesi, anakagulako zitseko zinayi ndi mafelemu ake motchipa.

Mmisiri womanga anapukusa mutu. "Mayi, izitu n'zitseko za kubafa."

"Kodi munthu sakulowa?" Nathovu analowa n'kutuluka. "Onani, ndadutsa bwinobwino."

Musamuseke, abale. Katundu wake yense ankakwana pamutu pake: mphasa, bulangete ndi diresi lopempherera. Mabedi ankawayala tsiku ndi tsiku m'nyumba za mabwana, koma ankawapeza ali kale m'kati, ngati anameramo. Anali asanafunsepo kuti analowa bwanji.

Aphunzitsi atangopita, anatulukira mlamu wake wa Nathovu, wogulitsa matayala akale.

"Alamu, mwamangatu khomo la kumwamba, lopapatiza lija! Vuto n'lakuti anthu a lendi sanakonzeke kupita kumwamba, akufuna polowetsa firiji." Anaseka mpaka kutsokomola. "Ingondigulitsani nyumbayi. Matayala savuta, amalowa chogubuduka. Inu munabadwira beseni, zaulandilodi zisiyeni. Mundiyankhe mwezi ukamatha."

Mtengo umene anatchula sunkafika ngakhale pa malata okha. Komabe Nathovu anatsala pang'ono kuvomera, chifukwa manyazi amalemera kuposa njerwa.

Anakafunsa mmisiri uja. Iye anati kukuza khomo si kungochotsa chitseko ayi. Pafunika kugumula khoma ndi kuthiranso konkire yapamwamba, apo ayi khoma lidzang'aluka. Ndalama zimene Nathovu anali nazo zinali za khomo limodzi lokha. Akanalakwitsanso, nyumbayo ikanapita kwa mlamu.

Anagwada pa simenti yozizira ya chipinda chopanda kanthu. "Atate, njerwa ndinapempha ndipo munandipatsa. Nzeru ndinaiwala kupempha. Ndabweranso."

M'mawa mwake, atamaliza kuanula zovala kwa akazi a dokotala, maso ake anakakamira pachingwe choyanikira. Anachimasula.

"Amayi, mungandilole ndiyezeko bedi lanu?"

"Iwe Nathovu, wayamba ukalipentala?"

"Ayi amayi, ndayamba sukulu."

Anayeza, n'kumanga mfundo pachingwepo. Masabata awiri anayenda nacho chingwe m'nyumba zonse zimene ankachapako. Mfundo ya kabati, mfundo ya firiji, mfundo ya sofa yaikulu ya kwa akazi a loya. Ndipo iye ali chogwada kuyeza, azimayiwo anayamba kumasuka. Uyu anathawa nyumba ina chifukwa denga linkadontha pamutu penipeni pa bedi. Uyo anatopa ndi landilodi wolowa wopanda odi. Wina anati, "Ife kumene tinkakhala kale, zovala tinkayanika pa mpanda wa eni, tsiku lililonse ndewu." Nathovu zonsezi ankazisunga mumtima.

Chingwecho anakachitambasula pamaso pa mmisiri. "Khomo lipitirire mfundo yomalizayi ndi chikhatho chimodzi."

Mmisiri atanyamula hamala, Nathovu anamulanda. "Ndinamangitsa ndine. Koyamba ndimenye ndine."

Anamenya. Njerwa imene inamutengera tsiku lathunthu lochapa inagawika pakati. Fumbi linakwera m'kuwala kwa dzuwa ngati utsi wa lubani, ndipo iye ankalira uku akuimba, osadziwa ngati ali pamaliro kapena paukwati. Zibuma zogumukazo anazithira pakhomo n'kuzisalaza ndi simenti, kuti pakhale kachitunda kotsetsereka m'malo mwa sitepe, osenza katundu asamapunthwe.

Mwezi unatha, mlamu anabwera. "Mwayamba kugumula? Alamu, yafika misala!"

"Mwina yafikadi, alamu. Koma sindigulitsa."

Sabata inadutsa, chipinda chili chete. Inadutsanso ina. Nathovu ankasesa m'mawa uliwonse, n'kutsegula chitseko chachikulucho kuti mphepo ilowe, poti munthu sankalowa.

Kenako tsiku lina masana kunafika namwino, akukankha mayi ake okalamba pa mpando wa matayala. Sanayang'ane penti, sanafunse za mawindo. Anaima n'kumayang'ana khomo.

"Ndisiye, mwanawe, usandikankhe," anatero mayi aja. Anagwira matayala ndi manja awo owonda, anakwera kachitunda kaja, nalowa. Anatembenuka m'katimo, natuluka. Analowanso. Namwino anagwira pakamwa.

"Chichitikireni ngozi imene inandilumalitsa, pakhomo lililonse amandinyamula ngati thumba," anatero mayiwo. "Lero ndalowa ndekha. Mwini nyumba ndi ndani pano?"

Nathovu anacheuka kaye kumbuyo, ngati wofunsidwayo ndi wina. Kenako anayankha motsitsa, "Ndine, amayi."

Lendi ya chipinda chimenecho ndi imene inakuza khomo lachiwiri. Lachiwiri linakuza lachitatu. Sizinatheke tsiku limodzi ayi. Khomo lomaliza linadikira chaka ndi miyezi, ndipo pakati apo mpope unaphulika, wa lendi wina anathyola loko n'kuthawa. Koma lero zipinda zonse muli anthu, ndipo mvula ikamayandikira, Nathovu amagogoda pachitseko chilichonse, kudikira kuti amuyankhe, n'kufunsa: "Kodi mwanu mukudontha?"

Abale anga, Mulungu sanyoza munthu chifukwa chosadziwa. Umphawi umatibisira zinthu zina zimene anzathu anazidziwa ali ana, ndipo pamenepo palibe tchimo. Funsani, ngakhale akusekeni. Gumulani pamene pafunika kugumula, ngakhale munamangapo ndi misozi. Koma chonde, musagulitse ntchito ya moyo wanu wonse pa tsiku limene mwachita manyazi.

Osataya mtima. Kunjaku kuli munthu amene wayenda tauni yonse kufunafuna chimene inu mukuopa kukonza.