Bokosi la a Halvard Limene Ndege Inkasiya

Gunvor Hessvik anali mkazi wa mtima wapachala, ndipo sankapepesa nazo. Tinagwira ntchito limodzi pakampani yaing'ono ya ndege yotumiza katundu kuzilumba za kumpoto kwathu kuno ku Norway, ine ndikuyang'anira nyumba yosungiramo katundu, iye akulemba mapulogalamu a kompyuta. Anabadwira pachimodzi mwa zilumbazo, mwana wa a Asbjørn okonza injini za maboti. Masamu anakaphunzira ku Tromsø, nabwerako ndi digiri, koma pakamwa pali pomwe paja pa asodzi.

Nyengo yozizira nyanja ikalusa boti limaima, ndipo zonse zimadalira ndege. Ndege nayo ili ndi malire a kulemera kwa zimene inganyamule. Kale tinkasankha katundu ndi maso, n'kumakangana mpaka khofi kuzizira. Gunvor ndiye anathetsa mkanganowo. Katundu aliyense ankamuyeza, n'kumupatsa nambala ya kufunika kwake, ndipo pulogalamu yake inkapeza gulu la katundu lofunika koposa lokwana m'ndegemo.

Tsiku lina ndinamufunsa ngati kompyutayo imayesa magulu onse limodzilimodzi.

"Iwe Eilif, ungamere imvi ukudikira," anatero akutafuna nsomba youma. "Imayamba ngati kuti ndege imanyamula kilogalamu imodzi yokha. Ikapeza yankho imalisunga, n'kupita pa awiri, pa atatu, mpaka pamalire. Pa katundu aliyense funso ndi limodzi: ndimutenge kapena ndimusiye? Ikamutenga, yankho la malo otsalawo inalipeza kale, siibwereza ntchito. Osati inu amuna, kuwerenga makatoni omwewo kawiri."

Koma panali zinthu zimene Gunvor anakana kuti zipikisane ndi zinzake: mankhwala ndi maliro. Zimenezi zinkakwera poyamba, pulogalamu n'kugawa malo otsala.

Chaka chimene amayi ake anathyoka chiuno, Gunvor anatenga tchuthi kuti aziwasamala kunyumba kwake m'tauni muno. Tinali titangolandira bwana watsopano, Steinar Lervåg, munthu wa nsapato zonyezimira pakati pa chipale chofewa. Iye anati pulogalamu isamakondere, katundu ndi katundu basi. Anaitana munthu wina wa mapulogalamu, nachotsa lamulo lija.

Kenako a Halvard Nesje, mkulu wa pachilumba cha kwawo kwa Gunvor, anamwalira kuchipatala cha kumtunda kuno. Bokosi lawo linabwera kwa ife, analiyeza, nalipatsa nambala ngati katundu wina aliyense. Bokosi ndi lolemera. Timakatoni ta zipangizo za pafamu ya nsomba ndi ta anthu ogula pa intaneti, mukatiphatikiza, nambala yake inkaposa ya bokosilo. M'mawa uliwonse kompyuta inkati: lisiyeni. Ine ndi woyendetsa ndege tinapita kwa Steinar mobwerezabwereza. Yankho lake linali loti tikayamba kusankha ndi mtima tibwerera kuchisokonezo chakale, ndipo anakana kusaina chilolezo chokweza bokosilo. Kuchilumba manda anali atakumbidwa kale m'nthaka youma gwa ndi kuzizira, chipale chikugweramo.

Nkhaniyi itafika pawailesi, Steinar analankhula ndi mawu achifundo kuti kompyuta yalakwitsa, ndipo aona amene analemba pulogalamuyo. Gunvor anamva akupatsa amayi ake mankhwala.

Atafika kuntchito sanavule n'komwe jekete. Anakankha chitseko cha ofesi ya Steinar mpaka chinamenya khoma.

"Bwereza zimene wanena pawailesi, ndili pano!"

"Gunvor, khala pansi kaye, umwe khofi."

"Khofi wakoyo usambe! Kompyuta yalakwitsa chiyani? Unaifunsa funso lauchitsiru, yakuyankha molondola. Ndani anachotsa lamulo langa?"

"Ndinkafuna chilungamo pa katundu yense."

"Katundu? A Halvard anandiphunzitsa kupalasa bwato, iwe ukadali kunyambita mamina! Wawaika pasikelo limodzi ndi mapaipi ndi nsapato za pa intaneti, ndiye ukuti chilungamo? Masamu sanunkhiza maliro, Steinar. Ntchito imeneyo ndi ya munthu, ndipo munthuyo unali iwe."

"Samala pakamwa, ndine bwana wako."

"Ndiye chita zaubwana. Imba kuwailesi unene dzina lako."

Sanaimbe. Gunvor anakhala pakompyuta ya Steinar yemweyo, nabwezeretsa lamulo lake. Atatuluka anaponda pasikelo yathu ya katundu.

"Eilif, ndiyeze nanenso. Tsitsa makatoni olingana ndi ine, ndikupita ndi a Halvard."

Zimene zinachitika kuchilumba anandiuza ndi woyendetsa ndege. Anthu anadikira pamphepo. Bokosi litatsika, mkazi wa malemuyo, a Oddbjørg, anayenda molunjika kwa Gunvor.

"Si ndiwe mwana wa Asbjørn iwe? Unkadya mikate m'khitchini mwanga. Ndiye wapita kusukulu kukapanga chinthu choti chiziti mwamuna wanga ndi wosafunika kuposa mapaipi?"

Gunvor, amene sanagonjepo pamkangano, anangoti, "Pepani, a Oddbjørg." Sanatchule Steinar, sanafotokoze za lamulo. Anagwira nawo chogwirira cha bokosi mpaka kutchalitchi, ndipo pachakudya cha pamaliro palibe amene anakhala naye pafupi.

Ichi ndicho chimandiwawa mpaka lero. Kampani inafufuza, nipeza kuti panali "kusamvana". Steinar anamusamutsira kulikulu, ku ofesi ya mawindo aakulu. Gunvor anapatsidwa chenjezo chifukwa chogwira kompyuta ya bwana popanda chilolezo. Ife a m'nyumba ya katundu tinapereka umboni wathu, koma palibe anaumva. Kuchilumba, amene anamva wailesi tsiku lija ndi ambiri kuposa amene anamva zoona zake.

Gunvor anasiya ntchito chipale chisanasungunuke. Pulogalamu yake tikugwiritsabe ntchito, ndipo aliyense akafuna kuikhudza ndimamutulutsa panja. Iye tsopano amaphunzitsa masamu kusekondale ya m'tauni muno. Mwana wanga wamkazi ali m'kalasi mwake, ndipo amati aphunzitsiwo amakalipa ngati mphepo ya kumpoto: ukawapatsa yankho lolondola amakufunsanso kuti manambalawo unawatenga kwa yani.

Ndinakumana naye m'sitolo chilimwe chathachi, akukankha amayi ake panjinga ya olumala. Ndinamuuza kuti a Oddbjørg anamwalira, ndipo ana awo anamva zoona zake kwa woyendetsa ndege uja, akufuna kumuona.

"Akufuna chiyani, andipatse maluwa?" anatero mokalipa, akuponya mbatata m'dengu. Anakankha njinga kufika pamzere wolipirira, kenako anatembenuka. "Boti la Loweruka limanyamuka nthawi yanji masiku ano?"