Mpweya Umene Unadikira Mwini Mbumba

Achemwali anga anagonekedwa pa chipatala china cholipira cha ku ma Area nthawi ya Korona. Ankaphikira banja lina la amwenye a sitolo ku Old Town, ndipo iwowo ndi amene anawatengerako. Mapapo anali atalephera, ankapumira makina.

Tsiku limenelo ndinali pa benchi langa mumsika wa Lilongwe, pomwe ndimagulitsa misomali ndi maloko. Foni inali itatha moto, ndinakaisiya kotchajitsa. Nditakaitenga masana ndinapeza kuti alamu, amuna awo a achemwaliwo, akhala akundiimbira chiyambire m'mawa. Ndinasiyira mnzanga benchi nkukwera minibasi, yomwe inachedwanso kudzaza.

Ndinawapeza pakhonde la chipatala, akadali ndi tayi ya kuntchito. Iwo ndi mesenjala ku Capital Hill.

“Mwafika, eni ake,” anatero. “Adokotala akufuna yankho.”

“Yankho la chiyani?”

Adokotala, mayi wamtali wooneka wotopa, anatifotokozera ataimirira. Anati pali mpweya wina, nayitiriki okusayidi, umene amausakaniza ndi okosijeni. Umatsegula mitsempha ya m'mapapo kuti magazi atenge mpweya wokwanira. Suchiza, umangopatsa thupi mpata wolimbana ndi matenda. Vuto linali lakuti achemwali anali kale pa jakisoni woletsa magazi kuundana, chifukwa m'mapapomo munali zibuma za magazi, ndipo mpweyawo ukhoza kuchititsa kuti magazi achedwenso kugwirana. Akanayamba kutaya magazi mkati, kuwaletsa kukanavuta.

“Ndinawafunsa bambowa m'mawa,” anatero adokotala, “akuti tidikire inu.”

Ndinatembenukira kwa alamu. “Simukanangovomera?”

“Alamu, ine ndine mkamwini,” anayankha motsitsa mawu. “Akanataya magazi nkutisiya, kumudzi ndikanakanena chiyani? Akanati ndapha mwana wa eni. Mwini mbumba ndinu.”

Kwathu ndi mmene zilili. Mkazi ngakhale atakalamba pabanja, nkhani ya moyo wake imafika kwa mlongo wake. Sindikanawadzudzula. Ndinangouza adokotala kuti ayambe.

Namwino atabwera ndi cholembera, ndinatambasula dzanja. Iye anandilambalala.

“Osati inu, bambo. Asaine amuna awo.”

Ndiye kuti chipatala sichinkandifuna nkomwe. Alamu anasaina dzina lomwelo limene akanalemba m'mawa.

Tinkaonera pagalasi akulumikiza botolo ku makina. Patapita kanthawi milomo ya achemwali, yomwe inali itada, inayamba kubwerera. Alamu anaseka, nati, “Mayi awa sangapite asanandikalipire za malaya osasita.” Inenso ndinaseka.

Sanataye magazi ngakhale dontho. Mtima ndi umene unali utatopa ndi kukankha magazi, ndipo unaima tsiku lotsatira.

Ndinafunsa adokotala ngati kuyamba m'mawa kukanawapulumutsa. Anati sakudziwa, ndipo palibe amene angadziwe. Ndimakhulupirira kuti ananena zoona, koma yankho lotere siligonetsa tulo.

Pamaliro kumudzi, akuluakulu anayamikira alamu poyera. Anati ndi mkamwini wolongosoka, amene ngakhale m'tauni sanaiwale kuti mbumba ili ndi mwini wake. Azimayi anaombera m'manja. Alamu anawerama, ine ndinayang'ana kumbali. Itafika nthawi yanga yolankhula, ndinangothokoza anthu pobwera nkukhala pansi.