Tsiku Limene Tuva Anatsikira Kochapira

Seveni koloko inali itangokwana m'mawa wa Lamlungu, kunja kukadali bii monga kumakhalira mu February, pamene Tuva Hedlund anamva dengu la zovala likukhwekhwerezeka panja pa chipinda chake. Amayi ake, a Pernilla, ankalikankha ndi phazi. Dzanja lawo lamanja linali m'chikhakha chiyambire pamene anaterereka pa madzi oundana podikirira basi, choncho zovala anali atazisankha ndi lamanzere lokha, zoyera mulu wake, zamitundu mulu wake.

"Tuva! Nthawi yathu yochapira yayamba."

"Ndamva, amayi. Mukukuwiranji?"

"Sindikukuwa. Ndikanakuwa bwenzi a Solveig atatiponyera kale kakalata pansi pa chitseko."

A Solveig Öberg anali mayi wachikulire wa khomo loyang'anizana ndi lawo. Anayendetsa basi mu mzinda wa Gävle mpaka kupuma pa ntchito, ndipo mpaka pano ankaona munthu wochedwa ngati munthu wakuba.

Tuva anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo panalibe nkhani yodutsa m'dziko la Sweden osayamba yaima pakamwa pake. Anapitako ku yunivesite ku Uppsala, koma anabwerako chaka chisanathe, nati aphunzitsi akumeneko ndi otsalira. Masana ena ankagulitsa khofi m'tauni. Ntchito yake yeniyeni, mwa kunena kwake, inali kutsegula anthu m'maso. Ankaimika foni patebulo, n'kukhala kutsogolo kwa shelefu ya mabuku amene ambiri anali asanawatsegule, n'kuyamba ndi mawu omwewo tsiku lililonse: "Anthuni, tiyeni tikambirane."

Ndipo ankakambiranadi, iye yekha. Andale onse anali madala amodzimodzi osiyana mataye okha. Womwa mkaka wa ng'ombe anali mdani wa dziko lapansi. Wokwera ndege kupita kokaothera dzuwa anayenera kuyenda chozyolika ndi manyazi. Mafilimu atsopano anali akale ophikidwanso, kupatula amene iye anawakonda, amenewo anthu sanawamvetse. Ngakhale mametedwe a wosewera mpira ankawapezera tanthauzo la ndale. Omutsatira pa intaneti, amene analipo ochulukirapo ndithu, ankamulembera kuti ndi wolimba mtima, kuti amanena zimene ena amaopa.

Ankaoneka bwino pa vidiyo, zimenezo palibe angatsutse. Malaya ake oyera ankakhala ositidwa mpaka m'makolala. Kapu imene ankainyamula polankhula inkakhala yowala. Tuva sanadzifunsepo kuti zimenezi zimachitika bwanji. Ankakhulupirira, monga ana amakhulupirira za mizukwa, kuti matawulo amadzipinda okha usiku ndi kulowa m'kabati.

Atatuluka m'chipinda, tsitsi lili nyankhalala, anapeza amayi ake ataima pambali pa madengu awiri.

"Tamvera bwino," anatero a Pernilla. "Mawa m'mamawa ndikupita kuchipatala, akukandiika chitsulo m'dzanjamu, ndipo ndikagona komweko. Ndikufuna malaya ogonera, zamkati, ndi juzi yaikulu ija, chifukwa ndi yokhayo imene chikhakhachi chimalowa. Zonse zili m'dengu ili. Zoyera zatha m'nyumba muno. Sindikavula pamaso pa anamwino nditavala zimene ndavala chiyambire Lachinayi."

"Amayi, anamwino saona zimenezo. Manyazi a thupiwo ndi amene anthu a msinkhu wanu anakuphunzitsani kuti..."

"Ukandiuza pobwera. Makinawo akhale akuzungulira theka la ola lisanathe. Lamulo ukulidziwa."

Ankalidziwa, mwa kumva chabe. Mdadada wawo wonse unkachapira m'chipinda chimodzi cha pansi pa nyumba, makina awiri ndi kachipinda koumitsira. Banja lililonse linali ndi kaloko kake kokhoma pa bolodi, pa tsiku ndi nthawi imene lasankha. Mwini nthawi akapanda kuyatsa makina m'theka la ola loyamba, nthawiyo inkakhala ya aliyense amene wafika. A Pernilla anali atakhoma kaloko kawo kalekale, ndipo bolodi linali lodzaza mpaka mwezi wamawa.

Tuva anatsika ndi madenguwo pa chikepe, akudandaula kuti akumupweteka m'chiuno. Chipinda chochapiramo chinkanunkhira sopo ndi simenti yonyowa. Anali asanalowemo chiyambire ali mwana, pamene ankabwera kudzakhala pa benchi n'kumadya bisiketi amayi ake akugwira ntchito. Anathira zoyera m'makina amodzi, zamitundu m'enawo, natseka. Kenako anaima n'kuyang'ana.

Makinawo anali ndi mabatani ambiri kuposa foni yake, ndi timizeremizere, tizithunzi ta beseni, ka nthenga, ka nkhosa. Kabokosi kothiramo sopo kanali ndi zipinda zitatu. Chifukwa chiyani zitatu? Mtsikana amene sabata yathayo anafotokozera dziko lonse mmene magetsi a m'dzikomo ayenera kugawidwira sanadziwe pothira sopo. Koma sanade nkhawa, pakuti chilichonse chili pa intaneti. Anatulutsa foni. Netiweki panalibe, makoma apansiwo anali okhuthala ngati a ndende.

"Ndingokwera pang'ono," anadziuza.

Atangofika pakhomo lalikulu la mdadadawo, foni inayamba kunjenjemera m'manja ngati nsomba yongovuulidwa kumene. Mauthenga ankalowa motsatizana. Usiku wathawo kunali mpikisano wa nyimbo wa pa kanema, umene dziko lonse limaonera kenako n'kumanamizira kuti silinaonere. Mnyamata amene anapambana, wa jekete lonyezimira, anaimba za chikondi cha anthu onse. Tsopano kunamveka kuti jeketelo, pamodzi ndi ena ofanana nalo amene ankagulitsa kwa omukonda, linasokedwa ndi amayi a kudziko lakutali amene amagwira ntchito mpaka usiku. Omutsatira ankamufunsa: Tuva, uli kuti? Tuva, wamva? Tikudikira iwe.

Munthu angakane bwanji pamene mtundu ukumuitana? Nyale ya pakhomopo inkawala bwino, ndipo chipale chofewa kumbuyo kwake chinkaoneka chokongola. Anakonza tsitsi, natambasula dzanja logwira foni, nayamba kudzijambula.

"Anthuni, tiyeni tikambirane. Usiku munaomba m'manja. Munalira. Koma ndani anafunsa kuti jekete limenelija anasoka ndani? Palibe! Chifukwa ndi mmene tilili. Timavala chinthu choyera, chokongola, osaganizako kuti pali mayi wina amene msana wake wapindika chifukwa cha ife. Ntchito ya amayi sioneka, anthuni. Imaoneka tsiku limene yaleka kugwiridwa. Ine zimandinyansa. Tsegulani maso!"

Anaionera vidiyoyo, napeza kuti mphuno yake yafiira ndi kuzizira. Anajambulanso. Ulendo uno munthu wina anadutsa kumbuyo ndi galu. Anajambulanso. Itatuluka bwino anaitumiza, ndipo mayankho anayamba kugwa ngati matalala. Wina analemba kuti Tuva akhale nduna. Wina, amene chithunzi chake chinali cha galimoto, analemba kuti, "Pita ukagwire ntchito, iwe." Ameneyu anayenera kuyankhidwa, ndipo Tuva anamuyankha mokwanira, ndime zitatu, mpaka zala zinachita dzanzi.

Anazindikira kuti kunja kwayera.

Sanadikire chikepe, anatsika masitepe chothamanga. Asanatsegule n'komwe chitseko anamva kulira kwa makina, ndipo kwa kamphindi mtima unakhala pansi, poganiza kuti mwina makina amakono amadziyatsa okha. Koma pagalasi la makinawo pankazungulira makatani a maluwa achikasu, ndipo Tuva ankawadziwa. Ankawaona pazenera la a Solveig tsiku lililonse.

Zovala zawo zinali pa benchi, m'madengu awo. Sizinangotayidwamo ayi. Zinali zopindidwa bwinobwino, chimodzichimodzi, zakuda zomwezo, masokosi awiriawiri, zamkati za amayi ake zili pamwamba mwaulemu. Munthu wa mu mdadada umenewu satukwana mnzake. Amamupindira zovala zakuda, ndipo zimawawa kuposa mbama.

Tuva anayang'ana bolodi. Kuyambira teni koloko nthawi inali ya banja la ana anayi la pansi, ndipo amenewo sankataya ngakhale mphindi. Pambuyo pawo tiloko tinali ndondondo mpaka madzulo. Chimene chinamubwerera poyamba m'mutu chinali vidiyo ina, ya mmene okalamba alandira achinyamata chilichonse, nyumba, nyengo, ngakhale makina ochapira. Mutu wa vidiyoyo unali utapezeka kale. Anakumbuka kuti pansipo palibe netiweki, ndipo ananyamula madengu aja.

A Pernilla anali kukhitchini, akulimbana ndi kudula buledi ndi dzanja limodzi. Anayang'ana madenguwo, anayang'ana mapindidwe ake, ndipo sanafunse kuti wapinda ndani.

"Amayi, si chilungamo. Ndinali nditaika kale zovala m'makina. Ndinangotuluka pang'ono. Lamulo limeneli ndi lachikale, limaganiza kuti aliyense alibe chochita china."

"Eya."

"Mayi amene uja anachita kundibisalira. Ndikukuuzani, anali pakabowo ka pachitseko chake kudikira."

"N'kutheka. Makatani aja wakhala akuwafunira malo chiyambire Khirisimasi."

A Pernilla anatsuka mpeni, naupukuta poutsamiritsa pamimba. Kenako anatenga zamkati ziwiri ndi malaya ogonera pamwamba pa dengu n'kulowa nazo kubafa. Tuva anamva madzi akutsika mu sinki. Atasuzumira anaona amayi ake akutsegula botolo la sopo ndi mano, chikhakha atachikweza m'mwamba kuti chisanyowe, dzanja lamanzere likufinya nsalu m'madzi ngati mwana wophunzira kumene.

"Ndaonera vidiyo yako," anatero osatembenuka. "Walankhula bwino kwambiri. Amayi osoka aja akamva asangalala."

"Amayi..."

"Izi ziuma pa chotenthetsera nyumba. Juziyo ndiye siingaume pofika mawa. Ndingofunda chikhoto chako chamvula pamwamba pa malaya ogonera, anamwino saona zimenezo. Si mmene unanenera?"

Foni inkanjenjemerabe m'thumba mwa Tuva. Anthu ankamuyamikira kuti ndi liwu la amene alibe liwu.

Kuchokera pakhomo lawo kufika pa la a Solveig panali poti munthu n'kungotambasula mwendo, koma Tuva anali asanapitepo. Iye, monga anthu onse a mu mdadadamo, ankayamba wasuzumira pakabowo asanatuluke, kuti asakumane ndi mnansi n'kukakamizika kukamba za nyengo. Kulankhula ndi anthu masauzande pa foni kunali kosavuta, chifukwa masauzandewo sankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anaima pamphasa ya pakhomo la eni, nakweza dzanja, nalitsitsa. Anaganiza zolemba kakalata n'kukaponya pansi pa chitseko. Koma kakalata kakanayankhidwa ndi kakalata, mwina Lachiwiri.

Anagogoda.

Chitseko chinatseguka msanga kwambiri, moonetsa kuti mwini wake sanali patali nacho. A Solveig anali atavala siketi yositidwa ndi mandala olendewera pa kachingwe.

"Ee, ndi wa pa foni uja. Mdzukulu wanga amandionetsa. Lero dziko lalakwanso chiyani?"

"Mwadzuka bwanji, a Solveig. Ndabwera za kochapira."

"Ndinadikira theka la ola, n'kuwonjezapo. Lamulo sindinalembe ine."

"Ndikudziwa."

"Ndinakuona pazenera, ukukalipira dzanja lako lomwe pakhomo paja. Ndinati mwina mwanayu wasiya zochapa, wayamba ulaliki."

Mayankho atatu akuthwa anamufikira Tuva pa lilime, onse abwino, oti pa intaneti akanawina nawo. Kumbuyo kwake, kudzera pachitseko chimene anasiya chosatseka, kunkamveka madzi akukhavuka mu sinki pang'onopang'ono. A Solveig nawonso anamva, ndipo anapendeketsa mutu.

"Akuchapa ndani kumeneko? Pernilla? Ndi dzanja lija?"

"Mawa akukawachita opaleshoni. Alibe chovala choyera, ndipo juzi imene chikhakha chimalowa ndi imodzi yokha." Kenako Tuva anapempha. "A Solveig, makatani anu akatha, mundilole ndiikeko dengu limodzi lokha, la amayi. Zanga zikhale. Komanso, ngati simutopa, mutsike nane, mukandionetse pothira sopo."