Mphini pa Chipumi cha Esinati

Ndinaganiza zochoka chaka chimene tinavotera zipani zambiri, nditachotsedwanso ntchito. Mwini golosale wa pa Zalewa sananene kuti ndaba. Anangoti, "Iwe Yohane, thupi lili pano koma mutu uli kumsika." Ndinasiya mkazi wanga Nachisale ndi mwana wathu Esinati ku Chifunga, kumene ndinali mkamwini, n'kukwera thiraki ya ku Joni.

Ndinali wotero chiyambire ubwana. Sindinkasokosa, ndinkangosowa ndili pomwepo. Agogo amene anandilera makolo atamwalira ankandituma mchere, ine n'kubwera chimanjamanja nditaonerera nyerere panjira. Zikwapu za kusukulu sindiziwerenga.

Ku Joni ndinkasamala maluwa a mzungu, madzulo n'kumapita kusukulu ya akuluakulu. Tsiku limene ndinasiya mpopi wosatseka mpaka madzi kulowa m'nyumba, bwana wamkazi sanandithamangitse, ananditengera kwa dokotala. Dokotalayo anandifunsa zambiri, nati vuto langa lili ndi dzina, ADHD, matenda olepheretsa maganizo kukhazikika, ndipo si ulesi. Nditayamba mankhwala ndinawerenga tsamba lonse la buku mpaka kumapeto. Sindinasangalale. Ndinakhala ndekha m'kachipinda kanga kuseri kwa galaja, nditakwiya kwambiri. Kani onse aja ankamenya munthu wodwala?

Ndalama ndinkatumiza ndi madalaivala, iwo n'kundibweretsera kaseti ya mawu a kwathu. Pa kaseti ina Nachisale anati, "Mwana wanuyu watengera inu. Aphunzitsi atopa naye. Achimwene akuti aona chochita." Mwezi usanathe ndinali panjira, mayeso ndisanalembe.

Ndinapeza Esinati atabereka khanda la eni, anzake ali kusukulu. Pachipumi panali mphini zatsopano, zoti akuti zikhazike mutu pansi. Amalume ake, a Binwelo, ndi amene analamula zonsezo.

"Alamu, mwachotsa mwana wanga sukulu osandifunsa?"

Anaseka. "Wanu? Inu ntchito yanu munagwira kale. Mwana ndi wa mbumba yathu. Ndiye mwatibweretsera chiyani ku Joniko, njinga kapena matenda a zilembo zinayi?"

Khonde lonse linaseka. Nachisale anayang'ana pansi.

Nditapita kuchipatala cha kwathu kukafuna mankhwala aja, adokotala anandimvetsera, nati, "Bambo, kuno tikulimbana ndi malungo. Mankhwala amenewo sitinawaonepo." Anga anatha mvula isanagwe, mutu n'kuyambanso kuyendayenda. Mpaka lero lino ndimaiwala khasu kumunda.

Ndili kutali ndinkati kwathu anthu sadziwa chabe, ndikawauza amva. Ndinawauza, ndipo anamva. Koma mwana wosakhazikika m'kalasi ndi manja aulere pakhomo, ndipo palibe amene ankafuna kuwataya.

Lolemba lina ndinamasula khanda kumsana kwa Esinati, n'kulipereka kwa mayi ake enieni, ndi kumugwira dzanja Esinati kupita naye kusukulu. Sukulu inali itangokhala yaulere, ana ali mbwee pansi pa mtengo. Ndinapempha aphunzitsi amuike kutsogolo, ine n'kukhala pamwala kumbuyo. Maso ake akathawira kumbuzi ndimatsokomola, iye amabwerera. Nthawi zina ndi iye amene amatsokomolera ine.

A Binwelo anadutsa tsiku lina, naima. "Alamu, kodi muli sitandade chani?"

"Sitandade fili, pamodzi ndi mwana wanga. Bwerani mudzatichotse tonse awiri, ana onsewa akuona."

Anayang'ana anawo, anawo anawayang'ana. A Binwelo anakonza chipewa napitiriza ulendo.