Ndinadumpha zaka ziwiri, ukwati n'kutsala pang'ono kundidumpha

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kuluza mkazi chifukwa cha nkhani yabwino. Sindinabe, sindinaledzere. Ndinangokamba za sukulu pamaso pa munthu amene anali atangochokera pamzere wa feteleza wa makuponi. Zonse ndilembe pano ndi zoona, ndipo pamene mukayikire kwambiri ndi pamene pali poona kwambiri.

Ndinaphunzira zaulimi zaka ziwiri pa koleji ina, n'kutenga dipuloma, n'kuyamba ulangizi cha ku Chamama. Kumeneko ndinapezana ndi Esinati, ndipo za chinkhoswe zinali zitayamba kale kuyenda. Kenaka yunivesite inandiyankha kuti maphunziro a kukoleji awawerengera, ndikayambire chaka chachitatu cha digiri. Ndinakondwa moti njinga yanga inayenda yokha mpaka kwawo kwa Esinati, ine ndinangokhalapo. Amene anandiona alipo, kawafunseni.

Ndinapeza a Mwale, malume ake a Esinati amenenso anali nkhoswe yake, atakhala pamthunzi wa chigafa, mapazi ali m'beseni la madzi. Bambo amenewa anali ataima pamzere ku depoti nthawi yaitali kwambiri, moti anapita atameta n'kubwerako ndi ndevu zoti mpheta inayamba kuyezamo chisa. Mavenda ankangolowera kutsogolo, iwo feteleza n'kuwathera pamphuno. Ine osafunsa n'komwe za mapaziwo, ndinangoti nawo, “Malume, ku yunivesite ine sindikaima kumbuyo. Chaka choyamba ndi chachiwiri ndadumpha!”

A Mwale anatulutsa phazi limodzi m'madzi, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato.

“Mwadumpha? Nanga ana a eni ake amene ayambira kumbuyowo, iwo alibe miyendo?”

Ndinafotokoza kuti zimene ndinakhoza kukoleji angozisamutsira kumeneko. Apo ndiye ndinaonjezera moto. Iwo anati zosamutsazo akuzidziwa bwino, chifukwa pamudzi pawo kuponi ya gogo wina amene anamwalira kalekale inasamuka n'kukagula feteleza ku boma, gogoyo ali chigonere. Anamaliza ndi mawu akuti mwana wa mlongo wawo sangakwatiwe ndi munthu wodumpha mzere, ndipo za chinkhoswe ziyambe zaima.

Esinati anayesa mbali yake. Anawauza kuti fodya amayambira ku nazale, ndipo mbande zikamawokeredwa kumunda palibe amene amati zabera. A Mwale anati mbande sizibwera panjinga kudzadzitama. Mtsikanayo anandiperekeza mpaka pamsewu, kenaka anati, “Inunso achimwene, pakamwa panupa simungamayikepo chitseko?”

Ndinapita ku yunivesite mtima uli ku Chamama. Kumeneko ndinakumana ndi tsoka lachiwiri. Kukoleji kuja anzanga anandinyengerera kuti masamu ndi opweteka mutu, ndisankhe phunziro la njuchi, pamapeto pake timadya uchi. Uchiwo tinadyadi. Koma a ku yunivesite anati zina zonse alandira, kupatula njuchizo, pakuti sizingalowe m'malo mwa masamu. Anandilamula kuti masamu ndikaphunzire ndi ana a chaka choyamba.

Inu owerenga, anawo anali ana enieni. Wina ndikulumbira anali asanamalize kugula mano. Tsiku loyamba nditalowa onse anakhala chete n'kutsegula makope, kuyesa ndine mphunzitsi. Atazindikira, anandipatsa dzina loti Ankolo, n'kundisiyira mpando wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi tsache. Dazi langa linkawala kumeneko moti magetsi akazima kalasi inkapitirira.

Za manyazi amenewa sindinauze munthu kumudzi, kupatula Esinati. Sindinadziwe kuti mtsikanayo ali ndi mutu kuposa ine. Anangokawauza a Mwale kuti akapita ku okushoni ndi mabelo awo a fodya, akadutse pasukulupo akaone okha mmene wodumpha mzere uja akukhalira.

Anabweradi, osandiuza. Tsiku limenelo tinali pamzere wokalandira mapepala a mayeso a masamu, ndipo anawo, mwa chizolowezi chawo, anali atandikankhira kumapeto. Dzuwa linali loti nyerere zinkayenda ndi zipewa. Ndinangomva kumbuyo kwanga munthu akutsokomola mwaulemu. Kutembenuka, a Mwale, jekete lawo la ku tchalitchi lili pathupi, chikwama chili kukhwapa. Ndinafuna nthaka indimeze, koma panali simenti.

Anafunsa kamtsikana kamene kanali patsogolo panga kuti bambo awa amaima pati masiku onse. Iko kanati, “Ankolowa? Kumbuyo konkuno. Akayesa kubwera kutsogolo timawabweza.” A Mwale anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nkhope ikumasuka ngati munthu amene fodya wake wagulidwa osabwezedwa. Sanachoke. Anaima nane pamzerepo mpaka tinafika kutsogolo, akundiphunzitsa kaimidwe kosatopetsa msana, ndi mmene umagwirira malo ndi chigongono wina akafuna kulowerera. Pepala langa litatuluka anaona mamakisi anga, amene sindiwatchula pano chifukwa ana anga amawerenga, n'kunena kuti munthu wobera sangapeze zochepa chonchi.

Chinkhoswe chinachitika fodya atatha kugulitsidwa. Anthu anavina mpaka fumbi linakafika ku Lukwa, anthu akumeneko n'kuanula zovala poyesa kukubwera mvula. A Mwale polankhula anauza anthu kuti mkamwini wawoyu anawokeredwa bwino, pamene panafa mbande apakizapo, ndipo iwo anamuona ndi maso awo akuima kumbuyo kwa ana oti akanawabereka. Masamu aja ndinakhoza pa ulendo wachiwiri. Digiri ili pakhoma, Esinati ali pano akundiuza kuti za nyerere ndichotse, koma sindichotsa chifukwa ndinaziona.

Tsono inu amene muli kukoleji ndipo mukulakalaka kudzapitiriza ku yunivesite, ndimvereni. Musanasankhe phunziro, kafunseni ku yunivesiteko ngati adzaliwerengere, osati kufunsa mnzanu wokonda uchi. Mukapatsidwa mwayi woyambira pakati, kauzeni akwanu modekha kuti zaka ziwiri zija munazigwirira ntchito, ndipo yambani mwayang'ana ngati mapazi a amene mukumuuzayo ali m'beseni. Ine chilango changa sichinathe. Paukwati uliwonse wa kuchimuna kapena kuchikazi, nthawi ya chakudya ikakwana, a Mwale amandigwira dzanja n'kukandiimika kumapeto kwa mzere, n'kuuza alendo monyadira kuti uyu ndiye wa digiri, malo akewo amawadziwa.